Ndinkakonda mabuku a nkhani, lero tsamba limodzi likundikanika: ndiyambire pati?

Funso

Ndine mayi wa zaka 41, namwino, ndipo ndili ndi ana atatu. Ndili ku sekondale yogonera konko ndinkawerenga mabuku a nkhani usiku ndi usana, makamaka timabuku ta Pacesetters tija, mpaka kugona mochedwa ndi tochi m'bulangete. Lero ndikatsegula buku, ndisanamalize tsamba maganizo athawa kale ndipo dzanja lili pa foni. Chaka chatha ndinagula mabuku atatu amene anthu amawatama, onse angokhala pa shelefu. Kodi chikondi chija chingabwerere? Nanga mabuku abwino ndingawapeze kuti, poti m'masitolo ndi okwera mtengo ndipo ambiri ndi a sukulu?

Yankho

Mayi, funso lanuli ndalimva kwa anthu ambiri m'zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa mabuku ndi kuyang'anira laibulale ya pasukulu, ndipo ambiri amalifunsa motsitsa mawu ngati akuulula tchimo. Manyaziwo achoke kaye. Ine ndikukayika ngati kuwerenga munasiyadi. Taganizirani mawu amene maso anu amadutsamo kuyambira m'mawa: malipoti a odwala, mauthenga a gulu la kuntchito, la kumpingo, la banki m'khonde, la makolo a kusukulu ya ana, kuonjezapo nkhani zija za pa Facebook zotuluka m'zigawo, zimene anthu amazidikira usiku n'kumakalipira mlembi akachedwa kuponya gawo lotsatira. Ngati munatsatirapo imodzi mpaka chinsinsi cha bambo uja chitaululika, ndiye kuti njala ya nkhani mukadali nayo. Musazinyoze nkhani zoterezi. Ngakhale mabuku a Charles Dickens ankatuluka chomwecho, pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi kapena sabata ndi sabata, anthu a ku England n'kumadikira.

Chimene chazirala ndi chizolowezi chokhala ndi nkhani imodzi nthawi yaitali osadumphira kwina. Chizolowezi chimabwerera.

Buku la nkhani yaitali limayamba ndi kukulipiritsani. Masamba 20 kapena 30 oyambirira ndi ntchito yeniyeni: muloweze mayina, mudziwe kuti uyu ndi mlamu wake wa uyu, kuti tili ku Zomba kapena ku Lagos, ndi chaka chanji, ndiponso ngati wosimba nkhaniyu ndi woti n'kumukhulupirira. Kukoma kumadza pambuyo, mukawadziwa anthuwo mpaka kuyamba kuwadera nkhawa. Foni ilibe msonkho wotere. Mukangoigwira yakupatsani kale kanthu, kaya koseketsa kaya kopsetsa mtima, ndipo kakatha kena kafika. Munthu wozolowera kulandira pompopompo akafika pa tsamba lachitatu asanalandire kalikonse, dzanja limapita lokha m'chikwama. Si ulesi, ndiponso si kuti nzeru zachepa.

Kumbukiraninso mmene zinalili ku hositelo kuja. Buku linali limodzi, olifuna khumi. Chikuto chomata ndi selotepi, ngodya zopindikapindika, nthawi zina tsamba lomaliza palibe moti munkachita kufunsa mnzanu kuti zinathera pati. Mukalilandira Lachisanu madzulo, wotsatira pa mzere wakuuzani kale kuti Lamlungu likhale lili m'manja mwake. Munali ndi nthawi yopanda chochita, munali ndi wokufunsani kuti "wafika poti mnyamata uja wagwidwa?", ndipo munali ndi wokuthamangitsani. Mabuku atatu ali pa shelefu panuwo alibe wowadikira. Akhoza kukhala pomwepo mpaka mwana wanu woyamba kulowa m'banja, palibe adzafunse. Zambiri zimene ndikuuzeni n'zongofuna kubweza zinthu zimenezi m'moyo wa munthu wamkulu wa ntchito ya mashifiti.

Tiyambe ndi mabuku atatuwo. Simunanditchulire mayina ake, koma mwati ndi amene anthu amawatama, ndipo vuto lagona pamenepo. Munthu akafuna kubwerera ku mabuku amakonda kusankha lomupatsa ulemu: lonenepa, lopata mphoto, loti mlendo akaliona pa tebulo agwedeze mutu. Inu ndinu namwino, mukudziwa kuti wodwala malungo akayamba kupezako bwino simumuikira kondowole ndi nyama yootcha. Mumayamba ndi phala, ndipo chilakolako chikabwerera amaitanitsa yekha zolimba. Buku loyamba likhale lalifupi, la chilankhulo chosakupunthwitsani, ndipo likhale lokukokani. Za ulemu wake tidzafunsa m'tsogolo.

Njira yachidule ndi kubwerera ku buku limene munalikonda kale. Timabuku ta Pacesetters tinayamba kutuluka mu 1977 ku kampani ya Macmillan, olemba ake ali a mu Africa muno, a ku Nigeria, Kenya, Ghana ndi kwina. Amalawi analimo: Walije Gondwe, amene buku lake la Love's Dilemma linatuluka mu 1985, komanso Dede Kamkondo. Timabukuto tinali tating'ono tolowa m'thumba la yunifolomu, nkhani zake za chikondi, mbava, apolisi ndi ndalama, m'mizinda yofanana ndi yathu. Pambali pake panali Aubrey Kalitera, amene ankalemba, kusindikiza ndi kugulitsa yekha mabuku ake ku Blantyre. Aphunzitsi ena ankalanda mabuku otere pa pulepu n'kumati ndi zinyalala. Ine ndimaona kuti timabuku timeneti tinabala owerenga ambiri m'dziko muno kuposa mabuku onse a mayeso kuwaphatikiza pamodzi.

Mukapeza kamodzi, kawerengeni popanda kupepesa kwa wina aliyense. Mwina kadzakukomerani ngati kale. Mwinanso mudzaseka nokha kuti kodi zimene zinkandigonetsa mochedwa ndi zimenezi, mtsikana wokongola wopanda chochita china koma kulira, ndi mnyamata wa galimoto yofiira? Kukhumudwa kumeneko n'kothandiza. Kukukuuzani kuti wowerenga wa zaka 41 akufuna zina. Wadutsa m'banja, m'maliro, m'chipinda chochirira amayi, ndipo mlembi akanama pa zinthu zimenezi amamugwira msanga.

Palinso mabuku amene sukulu inatidanitsa nawo. Munthu amene anakumana ndi buku koyamba cholembera chili m'manja, akusaka mfundo zazikulu ndi makhalidwe a ampangankhani kuti akayankhe mayeso, kawirikawiri salibwereranso. N'zachisoni, chifukwa ena mwa mabuku amenewa amakoma kwambiri popanda wofunsa mafunso. Buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Nthara amene anali mphunzitsi ku Nkhoma, linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi. Ana athu amalidziwa ngati buku la MSCE. Koma taliwerengani ngati mayi wolera ana: mwana wosamva, wakuba, wolowerera kutali kukafuna ntchito, amene pamapeto pake anthu akumulonga ufumu. Mudzapeza kuti mukukangana naye mlembiyo mumtima, mukuikira kumbuyo mayi ake a mnyamatayo kapena kuwadzudzula. N'chimodzimodzi Smouldering Charcoal, la Tiyambe Zeleza, la mu 1992. Limayamba ndi bambo wogwira ntchito ku bekale akudzutsidwa ndi khoswe m'kanyumba kake, kenaka sitiraka, kenaka ndende, m'dziko losatchulidwa dzina koma lodziwika kwa aliyense amene anaona nthawi ya chipani chimodzi. Mwana wa Fomu 3 ankangoloweza dzina la bamboyo, Mchere, ndi la mkazi wake Nambe. Munthu wolipira lendi ndi fizi amamva kulemera kwa nyumba imeneyo.

Tsopano lamulo limene ndimauza aliyense: buku losakoma lisiyeni. Ambiri tinaleredwa kuti chimene wayamba umalize, ndiye buku likatitopetsa timaliika kumutu kwa bedi miyezi, osaliwerenga, osayambanso lina poona ngati tili nalo ngongole. Buku limodzi lotere likhoza kutseka njira chaka chathunthu. Nancy Pearl, mayi wa ku Seattle ku America amene anagwira ntchito mulaibulale zaka zambiri, anapereka muyeso wosavuta: werengani masamba 50, ngati silinakugwireni lisiyeni. Anatinso amene wapitirira zaka 50 achotse zaka zake pa 100, zotsalazo ndiwo masamba ake, poti nthawi yake yoononga yachepa. Kwa inu amene mukuyambiranso, ine ndingati masamba 30 akwana. Kulisiya si kuliweruza ayi, pali mabuku amene amakana munthu chaka chino n'kudzamulola patapita zaka zisanu. Kudumpha masamba n'kololedwanso. Mlembi akayamba kufotokoza phiri masamba atatu, dumphani, sadziwa.

Nancy Pearl yemweyo ali ndi nzeru ina imene imandithandiza posankhira anthu mabuku. Amati munthu amalowa m'buku kudzera pa limodzi mwa makomo anayi: zochitika, anthu, malo, kapena kakomedwe ka mawu. Kufunsa munthu kuti amakonda mabuku otani sikuthandiza, aliyense amayankha kuti abwino. Funso lothandiza ndi lakuti: pa buku limene munalikonda, n'chiyani chimene mukuchikumbukira mpaka lero?

Ngati mukukumbukira kugunda kwa mtima, kufuna kudziwa ngati athawa kapena agwidwa, khomo lanu ndi la zochitika. Owerenga otere ndi ambiri, ndipo ndi amene amavutika kwambiri ndi mabuku opata mphoto, poti ambiri mwa mabukuwo amayenda mwa kachetechete. Sakani nkhani za apolisi ofufuza milandu, za upandu, za chikondi. M'Chichewa, Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba ankadziwa kuyendetsa nkhani. Njala Bwana kapena Mtima Sukhuta mukhoza kumaliza pa masiku awiri opuma.

Koma ndikuganiza kuti zaka ndi ntchito yanu zakusunthirani ku khomo la anthu. Munthu amene tsiku ndi tsiku amaona apongozi akukangana pa bedi la wodwala, mwamuna akubisa zotsatira za magazi, mwana wa zaka 12 akusamala agogo ake, sachedwa kufuna buku lomuuza chifukwa chimene anthu amachitira zimene amachita. Ngati ndi choncho, yesani Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la mu 1988. Ndi nkhani ya mtsikana wa kumudzi, Tambudzai, amene mwayi wa sukulu ya mishoni ukumupeza chifukwa mlongo wake wamwalira, ndipo akukakhala m'nyumba ya mkulu wa bambo ake, mphunzitsi wamkulu amene banja lonse limamugwadira. Palibe mtsikana wa kuno amene anaphunzira ndi ndalama za wachibale amene angawerenge buku limeneli osadziona. Yesaninso Sugarcane with Salt la James Ng'ombe, la mu 1989, la dokotala wobwerera kwawo kuchokera ku maphunziro ku England n'kupeza banja lakwawo lili mbwee. Onse awiriwa si aatali.

Amene amakonda kutengedwa kupita kudziko lina ndi nyengo ina angakonde Half of a Yellow Sun la Chimamanda Ngozi Adichie, la mu 2006, lokamba za nkhondo ya Biafra ku Nigeria ya 1967 mpaka 1970. Koma ndi lonenepa, likhale lachitatu kapena lachinayi. Pali ndi Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, limene nkhani yake ikuchitika mu Africa zaka 500 zikubwerazo.

Khomo la mawu ndi la anthu ochepa, amene amabwereza chiganizo kawiri chifukwa chokoma m'kamwa. Pano ndikupempheni kanthu. Ambiri mwa ife chichokereni kusukulu sitinawerengepo buku la Chichewa kupatula Baibulo ndi la nyimbo. Inu mumatha tsiku mukuwerenga ndi kulemba Chingerezi cha kuchipatala, ndipo madzulo mutu ukatopa, Chingerezi china n'katundu woonjezera. Tengani buku la John Gwengwe, monga Sikusinja ndi Gwenembe, kapena la E. J. Chadza, muwerenge mokweza, ngakhale kwa mwana wanu wotsiriza. Mudzamva Chichewa cha agogo anu, chokhala ndi miyambi pamalo pake. Mabuku akale ena ali ndi kalembedwe kosiyana pang'ono ndi ka masiku ano, koma pakatha masamba awiri diso lazolowera.

Buku limodzi likakukomerani, musalisiye lisanakuuzeni lotsatira. Funsani zina zimene mlembi yemweyo analemba. Onani kumapeto kwake, kumene osindikiza amandandalika mabuku ena. Mabuku a chikuto cha mtundu wa lalanje aja, a African Writers Series, amene kampani ya Heinemann inawayamba mu 1962 ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe, ambiri ali ndi mndandanda wautali wa anzawo, ndipo m'menemo mudzapezamo No Easy Task la Aubrey Kachingwe wa kuno kwathu. Anthu ambiri owerenga kwambiri alibe dongosolo lina koma limeneli, buku kuwalozera ku linzake.

Za nthawi sindichulukitsa. Tsiku lopanda ntchito silibwera, musalidikire. Mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a kamodzi pamwezi, chifukwa mukasiya buku sabata yathunthu mayina aja mwaiwala ndipo muyenera kulipiranso msonkho uja. Mangirirani mphindizo ku chinthu chimene mumachita kale: tiyi wa m'mawa mukaweruka usiku, m'minibasi podikira kuti idzaze, pa mzere wa kubanki, ku saluni pomangitsa tsitsi, kumene munthu amakhala maola anayi mutu uli m'manja mwa wina. Buku liziyenda m'chikwama. Pogona n'pabwino koma pasakhale pokhapo, poti namwino wotopa tulo timamuba pa tsamba lachiwiri.

Foni musangoitembenuza pa tebulo, ipite kuchipinda china. Ngati kuntchito angakufuneni, thimitsani intaneti musiye yongoimbidwa. Masiku oyambirira maganizo adzathawa ndithu, mudzazindikira kuti mwatsika tsamba lonse mukuganiza za fizi. Musadzikalipire, bwererani pa ndime imene mukuikumbukira mupitirize. Kanzeru kena kakang'ono: musamalekezere kumapeto kwa mutu, pamene mlembi wakupumitsani. Lekezerani pakati, chitseko chikugogodwa, kuti tsiku lonse muzifuna kudziwa amene wabwera.

Pa zaka zanu ndiyenera kutchula maso, ngakhale inu mukudziwa kuposa ine. Kuyambira zaka za m'ma 40 diso limayamba kuvutika kuona zapafupi. Ambiri sazindikira, amangoona kuti akawerenga mutu ukuwawa, tulo tikubwera, buku akulitalikitsa, n'kuganiza kuti chidwi chatha. Pa foni zilembo amazikulitsa ndi zala, n'chifukwa chake vutolo limabisala. Kayezetseni, mwina magalasi owerengera okha athetsa theka la nkhani yanu. Ndipo ngati si mabuku okha amene asiya kukoma, koma chakudya, macheza, nyimbo, zonse zazirala kwa miyezi, pamenepo mulankhule ndi mnzanu wa zaumoyo, chifukwa izo si za laibulale.

Tsopano kopeza mabuku. N'zoona kuti m'masitolo mwadzaza a sukulu. Osindikiza a kuno amadalira mabuku a silabasi, poti ndiwo ali ndi wogula wotsimikizika, pamene buku la nkhani likhoza kukhala pa shelefu zaka. Koma mabuku alipo, kungoti sali pamalo amodzi.

Yambani ndi National Library Service, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967. Likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe, ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Anthu amaiona ngati malo a ana okonzekera mayeso, ndipo n'zoona kuti mipando imadzaza ndi iwowo, koma iwo amabwera ndi makope awo. Mashelefu a nkhani zopeka amakhala phee, ambiri mwa mabukuwo ali ochokera ku mabungwe ngati Book Aid International a ku Britain. Kalembetseni kuti muzibwereka. Ubwino wake si kutchipa kokha. Buku lobwereka lili ndi tsiku lobweza, ndiye wokuthamangitsani uja wapezeka. Ndiponso kulisiya pa tsamba 30 sikupweteka poti simunalipire. Mukafika musangozungulira, muuzeni wa mulaibulale buku lomaliza limene linakukomerani ndi chimene chinakukomerani. Anthu amenewa amasangalala akapeza wofunsa za nkhani, poti tsiku lonse amafunsidwa za mapepala a mayeso akale.

Kenaka mavenda a mabuku a kaunjika, amene amayala pa chiguduli kapena pa katoni m'mphepete mwa misewu ya m'mizinda yathu. Pamwamba amaika a sukulu, madikishonale ndi a momwe mungalemerere, poti ndiwo amayenda malonda. A nkhani amakhala pansi kapena m'thumba kumbuyo, ofwifwa ndi dzuwa, ndipo mtengo wake umakambika. Khalani pansi mufukule. Musagule chifukwa cha chikuto kapena mawu otama a kumbuyo, amenewo amalembedwa kuti mugule. Werengani tsamba loyamba lonse muli chiimire, kenaka tsegulani pakati muwerenge ndime imodzi pamene anthu akulankhulana. Ngati mukufuna kudziwa chimene winayo ayankhe, ndi lanu. Musanapereke ndalama onani tsamba lomaliza ngati lilipo, pindani msana pang'ono muone ngati masamba sakuthothoka, nunkhizani ngati silinanyowepo, ndipo yang'anani timabowo ta chiswe. Mukagula kawiri katatu kwa munthu mmodzi, muuzeni mtundu umene mumakonda, adzayamba kukusungirani.

Mabuku a Chichewa akale aja, ambiri osindikizidwa ndi Popular Publications ku Limbe kapena Dzuka, funsani m'masitolo a CLAIM ndi ena ogulitsa mabuku a mipingo, komanso kwa aphunzitsi a Chichewa opuma ntchito, amene ambiri ali nawo m'masutikesi. Olemba a masiku ano ambiri amasindikiza okha n'kumagulitsa pa Facebook ndi WhatsApp, inu mutumiza ndalama pa foni, buku libwera pa basi. Ena mwa mabukuwa sanadutse m'manja mwa mkonzi ndipo zimaoneka, choncho pemphani kuona masamba oyamba musanalipire. Nyuzipepala za kumapeto kwa sabata zimakhala ndi nkhani zazifupi. Mlembi akakukomerani lembani dzina lake, mufufuze ngati ali ndi buku. Nkhani zazifupi ndi poyambira pabwino kwa munthu wa mashifiti, poti imodzi imatha pa nthawi ya tiyi. Zofika kumapeto kwa Caine Prize, mpikisano wa nkhani zazifupi za olemba a mu Africa, kumene Stanley Onjezani Kenani wa kuno anafikako mu 2008 ndi 2012, zimapezeka pa intaneti.

Ngati muli ndi wachibale ku Britain kapena ku Joni, akamafunsa choti akutengereni, tchulani mabuku awiri ndi mayina a olemba. Ku Britain masitolo a zinthu zakale a mabungwe achifundo amagulitsa mabuku a nkhani motchipa kwambiri, ndipo buku silivuta kukwana ngati nsapato.

Pa intaneti pali Project Gutenberg, yokhala ndi mabuku oposa 70,000 aulere mwalamulo, kungoti ndi akalekale ndipo Chingerezi chake n'cholemera, choncho si poyambira. Za mabuku obedwa amene amazungulira m'magulu a WhatsApp ndinene poyera maganizo anga. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amawalandira. Koma likakhala la Mmalawi mnzathu amene anakongola ndalama kuti asindikize mabuku 300 okha, kuligawa kwaulere n'kumuuza kuti asadzalembenso. Komanso kuwerengera pa foni, pamene mukuyambiranso, n'kudziika pakamwa pa chinthu chimene mukuchithawa. Pepala liyambe, foni idzabwere chizolowezi chitakhazikika.

Chotsala ndi anzanu. Simukufunika gulu lalikulu lokhala ndi wapampando ndi mlembi. Ku wodi kwanuko muli anamwino amene anadutsa m'mahositelo ngati inu, ndipo mukangoika buku pa tebulo la tiyi mmodzi adzalitola n'kunena kuti ankawerenga kale. Anthu anayi kapena asanu akwana. Chitani ngati chipereganyu: mwezi uno agula uyu, mwezi wa mawa wina, buku lizizungulira, aliyense masabata awiri. Pa mtengo wa mabuku awiri kapena atatu pachaka mudzawerenga khumi ndi kuposerapo. Pokambirana musabweretse mafunso a kusukulu. Funsanani kuti ndani wakukwiyitsani, mukanakhala inu mukanamukhululukira kodi, mlembi wanama pati. Mabuku anu atatu aja alowe m'gululo, mwina limodzi lili ndi mwini wake pakati pa anzanuwo, ndipo akalikonda adzakuuzani tsamba limene limayambira kukoma.

Mugwirizane malamulo awiri pachiyambi pomwe, chifukwa magulu otere amatha ndi mabuku osabwerera. Pakhale kope lolembamo amene watenga ndi tsiku lake, ndipo wotaya kapena wonyowetsa agule lina. Mabukuwo muwakutire ndi pulasitiki, ndipo nthawi ya dzinja asakhale pansi kapena motsamira khoma.